Dzuwa pa Bulauzi ya Fainess

Lolemba, 6 Meyi 2024

Ndaliona! Banga padzuwa, lalikulu ndithu, osati timadontho ta chaka chatha timene ndinkachita kutsinzinira diso limodzi. Ndinakuwa ndekha m'shedi ngati ndalumidwa ndi chinkhanira, nkhuku zonse balala.

Ndilembe njira yake, ukalamba sudziwika, mawa ndingaiwale. Kagalasi kanga kodziyang'anira nkhope ndinakamata pepala, pakati n'kusiya kabowo kongokwana njere ya soya. Ndimakakhazika pa chitsa cha mthethe kuseri kwa khola, n'kukapendeketsa mpaka kuwala kutalowa pakhomo la shedi yosungiramo fodya ndi kukagwa pakhoma la m'kati. Mumdima muja dzuwa limatuluka pakhoma lathunthu, lozungulira, kukula ngati mbale ya ndiwo. Kuliyang'ana kumwamba ndi maso ayi, maso ndili nawo awiri okha.

Vuto limodzi: dzuwa silidikira munthu. Kulunjika bwino, kuthamangira m'shedi, kupenya pang'ono, lasuntha kale, lakwera pa mabelo. Kubwereranso kuchitsa. Lero maulendo khumi ndi anayi. Mawondo akudandaula.

Zaka makumi awiri ndi zitatu chiyambire matendawa. Kadamsana wa 2001 anatipeza pansi pa chigafa, ine ndi malemu amuna anga a Simeon. Timadzuwa tonse todutsa m'mabowo a udzu tinasanduka ngati zikhadabo zowenga. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti kabowo kalikonse kamajambula dzuwa pansi. A Simeon anati, "Feggie, uwerama mpaka liti, fodya akudikira." Ndikuweramabe, bambo.

Fodya: masamba a m'munsi tatha kusankha, atsala apakati ndi a kunsonga. Fainess ndi amayi ena awiri akundithandiza, mawa abweranso. Munda wa kumunsi, kufupi ndi dambo uja, wandipulumutsa chaka chino, ngakhale mvula inadula mu Febuluwale.

Ndatumiza chithunzi kwa mwana wanga Princess ku Lilongwe. Wayankha kuti, "Amayi, anthu a makina akuluakulu kunja akukamba za banga lomwelo." Iwo makina, ine kagalasi ka pamsika wa Chulu. Tafanana!

Lachiwiri, 7 Meyi

Lakula usiku umodzi wokha. Dzulo ngati nyemba imodzi, lero ngati nyemba zitatu zogundana.

Khoma langa ndi la njerwa zootcha, lofiira, silionetsa bwino. Ndinayesa thumba la feteleza, zilembo zinasokoneza. Pepala la kope, laling'ono. Ndiye mutu wangawu, umene sundithandiza nthawi zonse, unandikumbutsa chinthu choyera kuposa zonse m'nyumba muno. Bulauzi ya Chigwirizano, yunifolomu yanga ya amayi a mpingo, yosita Loweruka. Ndinaipachika pa misomali iwiri.

Mayo ine, kuoneka kwake! Pakati bii, m'mbali motuwa, kenako timadontho tina tondondozana ngati anapiye. Ndinagwada kuti ndiwerenge bwino.

Fainess anandipeza choncho. Anzathu aja anali atapita kukadya, iye anabwerera msanga. Mumdima, ine chogwada pamaso pa bulauzi, milomo ikugwedera, kuwala kwa galasi kukudutsa pamutu panga. Anaima pakhomo, dzuwa langa n'kuzima chifukwa analitchinga ndi thupi lake. Anati, "Amake Princess, chovala cha Mulungu mukuchita nacho chiyani?"

Ndinamuuza kuti alowe adzaone. Ayi. Anatola chitenje chake, ulendo, tsamba la fodya lili m'manja osadziwa.

Ndaseka mpaka misozi. Fainess amaopa ngakhale bilimankhwe. Tinabatizidwa tsiku limodzi ine ndi iye, mawa mtima ukhala pansi.

Lachitatu, 8 Meyi

Palibe wabwera kudzasankha fodya. Ndekha ndi mulu wonse uja.

Kumjigo amayi anangoti zii. Anachotsa ndowa zawo kuti nditunge ine poyamba. Chibadwire sindinapatsidwepo ulemu wotere, ndipo sindikuufuna.

Nkhani ndakaimva kugolosale kwa Che Yassin pogula machesi. Iwo sazungulira. Akuti ndimaombeza ndi galasi ngati asing'anga. Akuti ndimagwadira yunifolomu mumdima. Akuti mvula ya Febuluwale ndinaimanga ndine, n'chifukwa chake fodya wanga yekha wakula pamene chimanga cha anzanga chinauma chili ndi ngayaye. Cha Fainess chinauma chonse, ndikudziwa. Ndinamugawira ufa kawiri.

Asa! Ine womanga mvula? Mbuzi yanga yomwe imandikanika kuimanga, dzulo inadya mbatata za eni.

Ndinaseka pagolosale paja, koma pobwerera kuseka kunatha. Ndinakumbukira gogo uja wa kutsidya kwa mtsinje amene anamutenthera nyumba dzinja lapitali. Nayenso zinayamba ndi "akuti."

Banga: lakulanso, ndipo lili pakati penipeni pa mbale. Ndalijambula m'kope ndi pensulo. Lero ndinapachika chitenje chotumbuluka, bulauzi ndaibwezera m'sutikesi. Mantha alipo, koma chinthuchi n'chokongola, ndinganame bwanji.

Lachinayi, 9 Meyi

Tsiku lowawa ndi lokoma, zonse pamodzi.

Chowawa. Ndinapita ku Chigwirizano m'mawa nditavala bwinobwino. Tisanayimbe nyimbo yoyamba amayi busa anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Anayankhula mofatsa, sindingawanamizire. Nkhani yafika kwa akulu a mpingo. Bwalo likhala Loweruka la sabata yamawa, pa 18. Kufikira tsikulo ndisavale yunifolomu, ndipo Lamulungu lino pa Mgonero ndisayandikire gome. Likandipeza wolakwa, kudulidwa mumpingo.

Ndinavula mpango woyera pomwepo. Bulauzi ndinakavulira kunyumba kwa amayi busa, anandibwereka malaya a maluwa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikuivala, maliro onse a m'dera lino ndayimbako. Ndinadutsa pamsewu mutu uli pamtunda, kulira ndinakalirira m'chimbudzi.

Kudulidwa pakokha ndingapirire. Koma mpingo ukangoti ndine mfiti, mudzi sufunsanso kawiri.

Chokoma tsopano. Pobwerera, Che Yassin anandikodola. Ali ndi wailesi yakale ija imene imagwira masiteshoni akutali, amamvera nkhani za kunja akuyeza shuga. Akuti cha m'ma leveni inangoti phwii, masiteshoni onse akutali zii, mabatire atsopano. Patapita kanthawi inabwerera yokha. Ndinawaonetsa uthenga wa Princess wa m'mawa: banga lija likuphulika, likulavula moto, ndipo mawailesi otere akhoza kumazima masana.

Anatseka golosale dzuwa lili pamutu, anthu akuona, n'kunditsatira mpaka kushedi. Ndiwo amene amakwera pachulu kukasuzumira mwezi watsopano kuti anzawo a kumzikiti adziwe tsiku loyamba kusala, ndiye za kumwamba sizimawaopsa. Anavula kapu, anapenya nthawi yaitali. Anati, "Amake Princess, ine zaka zonsezi ndimadikira mwezi madzulo, kani masana kulinso zoona."

Munthu woyamba kulowa kudzaona dzuwa langa. Woyamba chimwalirire a Simeon! Ndinawaphikira tiyi wa mkaka.

Anandichenjeza kuti umboni wawo ku bwalo la mpingo wathu sungalemere. N'zoona. Pafunika maso a akulu eni akewo.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndaika zojambula zanga zinayi pamodzi. Banga likuyenda. Tsiku lililonse limasunthira m'mphepete mwa mbale pafupifupi zala ziwiri, chifukwa dzuwa nalonso limatembenuka. Ndawerenga kawiri. Pofika Lachiwiri kapena Lachitatu likhala litazungulira kuseri.

Bwalo pa 18. Banga lichoka pa 14. Ndidzawaonetsa chiyani, mbale yoyera? Adzati wachotsa umboni, mfiti ndi yochenjera.

Ndinapalasa njinga kupita kwa a Ernest Sunganani, mkulu wa mpingo wa dera lathu, mmisiri wa matabwa. Ndinawapeza akupala chitseko. Ndinagwada, ndinapempha kuti bwalo lifulumire. Akuti akulu ena ali kumsika wa fodya ku Chinkhoma, sizingatheke. Ndinati ndiye bwerani nokha mudzaone, mphindi zisanu. Anapukuta manja nati, "Mayi, mkulu wa mpingo kulowa m'nyumba ya galasi mlandu usanazengedwe, anthu adzati nanenso mwandidyetsa."

Sanakalipe. Koma madzi akumwa sanandipatse.

Madzulo ndikutsekera nkhuku, mwala padenga, gwaa! Wachiwiri unagwa pakhonde. Sindinaone munthu, chimanga chouma chokha chikugwedera.

Princess waimba, akulira. Akuti ndikwere basi mawa, fodya adzaona ena. Ndamuuza kuti ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Galu wamkota sakandira pachabe, ine ndikudziwa chimene ndaona.

Kagalasi ndagona nako pansi pa pilo ngati mwana.

Loweruka, 11 Meyi

Mitambo. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mphepo yozizira yochokera kumwera. Ine amene akuti ndimalamula mitambo ya dera lonse, ndakhala pachitsa tsiku lathunthu ndikuipempha kuti isunthe pang'ono. Yakana.

Princess watumiza zithunzi. Usiku wathawu thambo linafiira ngati moto wolusa m'maiko ambiri, mpaka kumunsi kwa Joni anthu ajambula. Akuti ndi moto uja banga langa linalavula, wafika padziko. Banga langa! Kuno sitinaone kanthu, koma ndinavina ndekha pakhonde foni ili m'manja. Ine ndinaliona Lolemba, iwo aona zotsatira zake Lachisanu.

Ndasankha fodya pang'ono.

Ndili m'kati mosankhamo ndinakumbukira kuti lero linali tsiku langa losesa m'tchalitchi, andichotsa pandandanda. Ndinayamba kuganiza za pansi pamene ndimasesa paja. Simenti yong'aluka, mabeseni amene timatchera dzinja lililonse chifukwa denga limadontha. Limadontha chifukwa chiyani? Malata ake ndi akale, ochotsa pa tchalitchi chakugwa chija, odzaza mabowo a misomali. Masana timadzuwa timagwa pa mabenchi, ana amatiponda posewera.

Ndinaponya fodya pansi. Feggie iwe, zaka zonsezi!

Denga lija n'lalitali kuposa shedi yanga kawiri. Timabowo ting'onoting'ono ta pamwamba penipeni tiyenera kuonetsa. Tiyenera. Sindinayesepo, ndipo lero dzuwa kulibe loti ndiyesere. Banga lili kale kufupi ndi m'mphepete.

Ambuye, sindinakupempheni zambiri chaka chino. Mawa ola limodzi lokha la dzuwa.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Kunacha ndi mitambo yoduka-duka. Ndinavala chitenje wamba, kagalasi ndinakasiya dala kunyumba. Ndinakhala benchi lomaliza. Amene anali pamenepo anasunthira kutsogolo, benchi lonse langa ndekha ngati bwana.

Tsiku la Mgonero, amayi onse a Chigwirizano mbee kutsogolo, mizere isanu. Mbale ya mkate inadutsa, kwa ine sinafike. Ndinayang'ana pansi. Zinandipweteka kuposa mwala uja.

Nyimbo yotsiriza ili m'kati, kunja kunayera. Timadzuwa tinagwa m'tchalitchi monse, pa mabenchi, pa mipango, pa mapewa. Kamodzi, kochokera pamwamba penipeni, kanatera pamsana pa Fainess, pakati pa mapewa, kozungulira bwino ngati pakamwa pa kapu. Ndinanyamuka pang'onopang'ono, ndinasendera mabenchi atatu. M'mphepete mwa kadzuwako munali kachidontho kotuwa, kofooka, ngati nsabwe. Koma kanalipo.

A Ernest atatha zolengeza ndinaimirira. Mawu anatuluka okha. Ndinati, abusa, sindinabwere ndi galasi, sindinabwere ndi kanthu, ndikupempha kuti atseke mawindo ndi zitseko kwa nthawi ya nyimbo imodzi. A Ernest anati nkhaniyi ili ndi tsiku lake. Anthu anayamba kung'ung'udza. Abusa anandiyang'ana nati, "M'nyumba muno mdima sitiuopa, tsekani."

Mawindo athu ndi a matabwa. Atatseka, mdima bii, timadzuwa tija tinawala ngati ndalama zasiliva. Ndinauza Fainess kuti asasunthe. Anauma ngati chitsa. Ndinaitana amayi busa kuti ayang'ane pamsana pake, m'mphepete, mbali ya kuguwa. Anawerama. Anati pali kachitsotso pa bulauzi. Anakasasa ndi dzanja, sikanachoke. Anakapala ndi chikhadabo, sikanachoke. Ndinati Fainess asunthe, wina aike pepala la zolengeza pamalo pomwepo. Bulauzi inachoka yoyera, kachitsotso kanatsala papepala.

Ndinawalozera timabowo tina tiwiri tating'ono. Kadzuwa ka pa mpango wa amayi a kwaya, kachidontho mbali yomweyo. Ka pa benchi la akulu, mbali yomweyo. Anthu anayamba kudzuka, aliyense kusaka kadzuwa kake ndi chikuto cha buku la nyimbo. Mabowo aakulu sankaonetsa, ena anayamba kukangana, wina akuti ndikuona, wina akuti bodza.

Ndiye ndinafunsa ngati pali mayi amene ali ndi kagalasi m'chikwama. Aliyense kuopa. Amayi busa anatsegula chikwama chawo, n'kutulutsa kawo ka pulasitiki yofiira. Pepala anamata okha, kabowo anaboola a Ernest ndi msomali wa m'thumba mwawo, mmisiri sayenda wopanda msomali. Ine sindinakhudze. Ndinangowauza poima panja ndi mopendeketsera. Anatsegula chitseko chimodzi, kuwala kunadutsa pakati pa mabenchi mpaka pakhoma loyera la kuguwa.

Dzuwa lonse, lalikulu ngati mbale. Banga m'mphepete, bii, ndi ana ake pambuyo. Ngakhale agogo osaona bwino analoza ndi ndodo.

Tchalitchi chonse "Haaa!"

Wina kumbuyo anafunsa ngati ndi kutha kwa dziko. Ndinayankha kuti ayi, mabanga amabwera n'kupita, ndawaona zaka zambiri, ili langokula. Ndinati Lachiwiri kapena Lachitatu lizungulira kuseri, ndipo likapanda kufera komweko lidzatulukira mbali inayo pakatha masabata awiri. Za mvula ndinanena zoona: sindidziwa kuimanga, sindidziwa kuimasula, munda wanga uli kufupi ndi dambo basi.

Abusa anafunsa kuti denga ili anakhoma ndani. Aliyense akudziwa, zaka khumi takhala tikuwadandaulira za kudontha. A Ernest anakweza dzanja pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu. Abusa anati, "Ndiye ngati pali woombeza pano, a Sunganani, tiyambira inu."

Kuseka kwake! Amayi kugwa pa mabenchi. A Ernest nawo anaseka mpaka kuvula magalasi. Wina anayambitsa nthungululu, amayi a kwaya analandira, ine ndinangokhala pansi pa simenti n'kulira poyera, osabisa.

Fainess sanaseke. Anatuluka anthu asanabalalike, manja atagwira mapewa ngati pamsana pakumuwotcha.

Lachiwiri, 14 Meyi

Dzulo ndi lero pakhomo pano ngati pachigayo. Aphunzitsi awiri, amayi a kumjigo aja, anyamata a kabaza, ngakhale amene ndikuwakayikira za mwala. Onse alowa m'shedi, onse atuluka akugwedeza mutu. Ndawalamula chinthu chimodzi: aliyense woona dzuwa asankheko fodya mtolo umodzi. Masamba apakati atha!

Che Yassin abwera ndi anzawo atatu a kumzikiti. Akuti wailesi yazimanso kangapo sabata ino, tsopano ikazima sagulanso mabatire, amangoti "ndi banga la amake Princess."

Ndakalipira anthu awiri amene amafuna kuliyang'ana kumwamba kudzera m'botolo la mowa. Maso sagulitsa pa Chulu.

Lero latsala kachidutswa m'mphepete penipeni, kopyapyala. Mawa kulibe. Monga ndinanenera, tsiku lake lomwelo. Wamisala anaona nkhondo.

Fainess sanabwere.

Loweruka, 18 Meyi

Bwalo silinathe ngakhale theka la ola. Mlandu palibe. Chidzudzulo chimodzi chokha, ndipo ndachilandira: yunifolomu si yopachika m'shedi ya fodya. Ndinapepesa. Abusa akuti mawa alengeza pamaso pa mpingo wonse kuti dzina langa ndi loyera, ndipo woponya mwala pakhomo pa mayi wamasiye adzayankha.

Amayi busa anandibwezera bulauzi ndi mpango m'jumbo. Zochapa, zosita, mpaka kabatani kamene kanali lende kasokedwa ndi ulusi watsopano. Ndinawathokoza. Anati, "Musathokoze ine, anadzazitenga Lachitatu ndi amene anakunenezani."

Msoko wa Fainess ndikuudziwa. Amabwereza katatu pa batani lililonse, kuyambira tili atsikana.

Masana a Ernest anafika ndi ndowa ya laimu. Apaka khoma la m'kati mwa shedi, mbee, kuyambira pansi mpaka pofika dzanja. Pochoka anapempha madzi akumwa. Ndinawapatsa m'kapu ya alendo.

Akuti denga la tchalitchi alimata dzinja lisanafike, koma timabowo titatu ta pamwamba abusa alamula kuti tisiyidwe. Mabeseni atatu tidzatchera ndithu.

Lachinayi, 30 Meyi

Mabelo anapita Lolemba. Shedi yangoti mbee, khoma loyera likungodikira.

Masiku atatu ndakhala ndikusuzumira mbali imene liyenera kutulukira. Dzana mitambo. Dzulo ndinaona ngati kanthu, koma pofika m'shedi dzuwa linali litathawira pachitseko, mawondo anakana ulendo wachisanu ndi chimodzi. Princess akuti akunja aliona kale, labwerera lochepa. Ndamuuza kuti asandiuze zambiri, ndikufuna maso anga.

M'mawa uno ndikusita bulauzi ya ku Chigwirizano, odi pakhomo. Fainess. Atavala kale zoyera, m'manja kambale ka mtedza. Anakhala pakhonde, ine pampando, tinakamba za chimfine cha mdzukulu wake, za mtengo wa sopo, za mbuzi yanga. Kenako anayang'ana pansi nati, "Chimanga chitauma ndinkafuna munthu woti ndimuloze chala, ndiye munapezeka inu."

Usiku uja wa mwala ndinamukonzera mawu ambiri, onse athawa. Ndinangomuuza kuti batani analisoka bwino.

Anafunsa ngati chinthu chija chabweradi. Ndinati sindikudziwa, chimafuna anthu awiri, wina pachitsa wina m'shedi, ine ndakhala ndikuthamanga ndekha zaka makumi awiri ndi zitatu. Anati iye galasi saligwira, akuopabe. Chabwino. Galasi ndigwira ine.

Ndiye ndili pano pachitsa cha mthethe, kope pabondo, dzanja limodzi pa kagalasi. Koyamba chiyambire sindikuthamanga. Fainess ali m'shedi yekha, mumdima, mayi amene amathawa bilimankhwe. Belu la Chigwirizano lalira kale kamodzi, tichedwa tonse awiri.

Akukuwa kuti ndisunthire kumanzere. Kwambiri, akuti ndibwezeko. Akuti pomwepo, ndisagwedeze.

Wangoti zii.

Tsopano akundiitana, osati amake Princess, akuti Feggie, Feggie, thamanga, koma ndikathamanga galasi agwira nda—